Dzina limene ndinabisa pa fomu ya TB

Chinayamba ngati kachifuwa wamba m'mwezi wa Okutobala, chaka changa chachiwiri ku London. Kunja kunali kutayamba kuzizira ndipo aliyense m'sitima ankatsokomola, choncho sindinalabadire. Ndinagula uchi ndi mandimu n'kumamwa ndi madzi otentha. Patatha milungu itatu anzanga onse analeka kutsokomola, koma ine ayi.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndinkaphunzira ntchito yoyeza malo ku Greenwich, ndikukhala ku Croydon m'kanyumba kamodzi ndi mnzanga wa ku Ntcheu dzina lake Fanuel. Pasipoti yanga inali ndi chidindo choletsa kugwira ntchito popanda chilolezo, koma ine ndinali ndi ntchito ziwiri zam'seri: kutsuka matambula pa bala ina ku Greenwich, ndi kuimba. M'mawa uliwonse popita ku siteshoni ndinkadutsa pa chinyumba chachitali cha a imigireshoni, anthu ali pamzere panja, mapepala m'manja. Ndinkadutsa nditazolika ngati andiwerenga pankhope.

Za kuimbazo zinabwera ndi bambo wina wa ku Scotland amene muno ndimutchula kuti a Murdo, ngakhale si dzina lawo lenileni. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu. Anabadwira m'tauni ya okhoma sitima zapamadzi pafupi ndi Glasgow, ndipo ali mnyamata ankaimba nyimbo zamakolo akwawo m'timabala. Atabwera ku London anaphatikiza nyimbozo ndi gitala yamagetsi ndi ng'oma, ndipo m'zaka za m'ma 1970 nyimbo yawo imodzi inavuta pa wailesi. Kenaka zinthu zinatsika. Kampani ya malekodi inawasiya, bandi inabalalika, mkazi anachoka, botolo ndi limene linatsala. Pamene ndinkawadziwa ankaimba pa bala yathu Lamulungu lililonse masana, anthu akudya nyama ndi mbatatesi. Nkhope inali yokwinyika ngati chikwama chakale, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Mawu awo ankakwera pamwamba osanjenjemera, mpaka odya ankaiwala mafoloko m'manja.

Tsiku lina ndikutsuka matambula ndinkang'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi kwathu. A Murdo anasuzumira kukhitchini n'kundifunsa kumene ndinaba nyimbo ya amayi awo. Ndinawauza kuti ndi yathu, agogo anga ankaimba m'Chichewa. Tinakangana pang'ono za mwini nyimbo, kenaka anandiuza kuti ndiimbenso, iwo n'kukwera pamwamba panga. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wowathira mang'ombe, mawu apansi ine, apamwamba iwo.

Panali chinthu chimodzi chimene sankalola kusintha. Ankati anthu awiri oimba mogwirizana ayenera kuimbira pa maikolofoni imodzi, nkhope kuyang'anizana, kuti aliyense azimva pamene mnzake akukoka mpweya. Tinkayeserera m'kachipinda kawo katatu pa mlungu, mawindo otseka, atakhomapo mabulangete kuti oyandikana nawo asadandaule. Anali atalemba nyimbo zatsopano khumi, ndipo situdiyo ina yaing'ono inavomera kuwajambula miyezi yozizira ikatha. Inali lekodi yawo yoyamba patatha zaka zoposa khumi, ndipo ankaitchula ngati mmene munthu amatchulira mwana woyembekezeredwa.

Mu Novembala ndinayamba kutuluka thukuta pogona, mpaka kudzuka malaya ali chonyowa. Chakudya sichinkandikomera. Lamba ndinaboola bowo lina, kenaka linanso. Kukwera masitepe a pa siteshoni ndinkapuma kawiri. Ku mapemphero a Amalawi ndinaona amayi ena akundiyang'ana m'khosi n'kunong'onezana, ndipo ndinadziwa chimene ankaganiza, chifukwa masiku amenewo munthu ukaonda ndi kutsokomola anthu ankangoti ndi matenda aja. Ndinaleka kupitako. Inenso ndinkaopa zomwezo, n'chifukwa chake ndinkazemba dokotala. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinatsala pang'ono.

Mlungu woyamba wa Januwale ndinatsokomola m'basi, ndipo pa hanki panali magazi. Fanuel sanandifunse maganizo, anangonditengera kuchipatala. Tinadikira maola anayi pa mipando yapulasitiki. Anandijambula ekisire, ananditenga magazi, n'kundipatsa timabotolo titatu tolavuliramo makhololo m'mawa uliwonse. Anandigoneka m'kachipinda kandekha kumapeto kwa wodi, ndipo aliyense wolowa ankavala chophimba pakamwa. Tsiku lachitatu dokotala anati ndi chifuwa chachikulu, TB, chagwira phapo lakumanja, ndipo chimachizika ndikamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Za matenda enawo anandiyeza nditavomera, ndipo patatha masiku anati mulibe. Ndinalira ndi chimwemwe ndekhandekha m'kachipindako.

Mapiritsi ankabwera m'mawa ndisanadye kanthu, odzaza dzanja. Mkodzo unasanduka wofiira ngati fanta, moti ndinaliza belu poganiza kuti ndi magazi, namwino n'kundiseka kuti ndi mankhwala chabe. Nthawi yonse yotsala inali yodikira: kudikira sikelo, kudikira dokotala, kudikira tiyi wozizira.

Tsiku lachinayi kunabwera namwino woyang'anira odwala TB, mayi wonenepa wa magalasi. Anawerenga dzina langa pa khadi n'kusiya Chingerezi pomwepo.

"Imwe a Wyson, ndimwe a ku Malawi? Ine ndine Sisitala Tembo, kwathu ni ku Chipata. Manje mverani. Nifuna maina ya anthu onse amene munkhala nao pafupi, ku nyumba, ku sukulu, ku nchito. Tifuna tikaapime naonso."

Anandipatsa fomu ya mizere khumi ndi bolopeni.

Wina akanasangalala kumva chilankhulo chakwawo pa bedi la m'chipatala. Koma ine ayi. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, malume anga, mphunzitsi ku Dedza, anatengedwa pa galimoto ya boma. Kunabwera munthu waulemu pasukulu pawo, wolankhula mokoma, n'kufunsa mphunzitsi wina maina a anthu amene amacheza nawo akaweruka. Mphunzitsiyo analemba, osadziwa kanthu. Malume anabwerako patatha zaka zinayi, mano akutsogolo palibe. Amayi anatiphunzitsa tonse kuti wa boma akakufunsa dzina la mnzako, uziti waiwala. Ngakhale ku London komweko Amalawi tinkacheza tikuyezana, osadziwa amene amalemba makalata opita kumudzi. Tsono apa panali mayi wa yunifolomu, wolankhula mokoma m'chilankhulo changa, wofuna maina.

Ndinaganiza mwachangu. Ndikalemba a Murdo afunsa kuti timadziwana bwanji, atulukira za bala, za kuimba kolipidwa, ndipo chipatalacho chinali mtunda woyenda pansi kuchokera ku chinyumba chachitali chija. Ine andikweza ndege, a Murdo ndi mwini bala awapatsa mlandu wolemba ntchito munthu wopanda chilolezo. Ndinadziuza kuti ndikuwateteza. Ndinalemba Fanuel, chifukwa anamuona kale, ndi anzanga awiri a m'kalasi.

A Sisitala anayang'ana fomuyo pamwamba pa magalasi.

"Atatu chabe? Mnyamata wa mu London?"

"Ndine wa mabuku, mayi. Sindiyendayenda."

"Ine sindine wa boma uja muganizira. Ivi vipepa vikhala muno. Mukakumbukira wina, muniuze."

Mumtima ndinati, inde, onse amatero.

A Murdo ndinawaimbira foni ya m'khonde la wodi, n'kuwauza kuti ndadwala chibayo ndipo madokotala sakulola alendo. Anati ndichire msanga, nyimbo zikundidikira. Ndinamva kuti mawu awo anali okhakhala pang'ono, koma ndinati ndi foni.

Ananditulutsa patatha milungu iwiri, atanena kuti sindingapatsirenso munthu. Mwezi uliwonse ndinkapita ku kiliniki kukakwera sikelo, kupereka makhololo ndi kutenga mapiritsi ena. Thukuta linaleka mu Febuluwale, njala inabwerera, ndipo mu Malichi ndinkakwera masitepe osapuma. Ulendo uliwonse a Sisitala Tembo ankamaliza ndi funso lomwelo, ngati ndakumbukira wina. Kulimbikira kwawoko kunkandiwonjezera chikaiko. Envulopu yakhaki ikagwa pakhomo ndinkati ndi ya a imigireshoni, ndikatsegula n'kupeza ndi bilu ya gasi.

Kumapeto kwa Malichi ndinabwerera kwa a Murdo. Anatsegula chitseko, ndipo ndinadziona ndekha mmene ndinalili mu Disembala: khosi lotuluka mitsempha, kolala yolendewera. Moni wawo unatuluka ngati munthu akukwecha mphika. Anatenga gitala, tinaima pa maikolofoni ija, ndipo atafika pokwera mawu anangothera m'mphepo. Anayesa katatu. Kenaka anaika gitala pansi n'kunena kuti ndi fodya, apumule mlungu umodzi.

Apa ndiye pamene pali mlandu wanga weniweni. Mu Januwale ndingati sindinadziwe. Mu Malichi ndinaona ndi maso. Koma ndinadzinyengerera kuti TB ndi ya m'chifuwa, awa vuto lawo ndi pakhosi, ndipo munthu wosuta ndi kumwa chonchi angadabwe chiyani? Pa bala aliyense ankati ndi kachasu wakwawo uja wawamaliza. Ndinkavomereza nawo, chifukwa bodza la anthu ambiri limafunda bwino.

Dokotala wawo anawapatsa mankhwala a zilonda zapakhosi, osathandiza. Tsiku la situdiyo linasunthidwa, kenaka linasunthidwanso. Mu Epulo kumeza kunayamba kuwapweteka mpaka m'khutu, ankangomwa supu. Kumayambiriro kwa Meyi anawatumiza kwa katswiri wa pakhosi, amene anasuzumira ndi kagalasi n'kupeza chotupa pa timinofu totulutsa mawu. Anandiuza okha, monong'ona, titakhala pa benchi m'mbali mwa mtsinje wa Thames masana. Madokotala ankaganiza kuti ndi khansa. Mlungu wotsatira akadulako kachidutswa kukayeza, ndipo zikatsimikizika mwina achotsa kholingo lonse. Anaseka pang'ono n'kunena kuti azilemba nyimbo zoimba ndi manja.

Lachiwiri lotsatira linali tsiku langa la kiliniki. Nditatsika pa sikelo ndinafunsa ngati munthu wongofuna kudziwa.

"Mayi, kodi TB imatha kugwira pakhosi, munthu mawu n'kutha?"

A Sisitala Tembo anasiya kulemba. Anavula magalasi, anatseka chitseko, n'kukhala moyang'anizana nane.

"Igwira. Ndipo ioneka monga khansa. Nindani?"

M'maganizo ndinaona malume akutsika basi ndi kathumba kawo. Ndinaonanso a Murdo ali ndi bowo pakhosi.

"A Wyson, nakufunsani miyezi inayi. Nindani?"

Ndinatchula dzina lonse, ndi adiresi, ndi za maikolofoni imodzi, mabulangete a pa mawindo, bala, chidindo cha mu pasipoti, zonse. Ndinkayembekezera kuti alemba za chidindocho. Sanalembe. Analemba dzina ndi adiresi basi, n'kunyamula foni. Akudikira kuti ayankhidwe anandiyang'ana n'kunena mawu amene sindinawaiwale.

"Pasipoti yanu nilibe nayo nchito. Koma uyu muntu mwamulakwira maningi."

Zinayenda mwachangu. A Murdo anawajambula ekisire tsiku lotsatira, n'kupeza mapapo onse awiri ali ndi zilonda. Makhololo anatsimikiza. Kachidutswa ka pakhosi anadulabe, ndipo munalibe khansa, munali TB. Anawagoneka m'chipatala cha kufupi ndi kwawo, m'kachipinda kawokha ngati kanga kaja, n'kuwaletsa kulankhula kuti pakhosi papole. Anawaletsanso mowa, chifukwa mankhwalawo ndi mowa zikakumana zimawononga chiwindi. Ogwira ntchito pa bala onse anaitanidwa kukayezedwa, ndipo mwamwayi palibe anapezeka nacho.

Ndinapita kukawaona nditavala chophimba pakamwa. Anali osangalala, anandilembera pa kabuku kuti si khansa, n'kudula mizere iwiri pansi pake. Akanatha osadziwa mpaka kalekale, chifukwa a Sisitala sanawauze amene anawatchula. Koma ndinatopa nako kubisa. Ndinawauza kuti chibayo chija chinali bodza, kuti anandifunsa maina ndipo lawo ndinalisiya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analemba: "Liti?" Ndinati Januwale. Anawerenga pa zala, Febuluwale, Malichi, Epulo, Meyi, n'kundionetsa zala zinayizo. Ndinayamba kufotokoza za malume, koma anatseka kabuku n'kuloza chitseko.

Miyezi iwiri sindinamve kanthu. Ndinkadikira kuti akandinenera ku imigireshoni, ndipo ndinkaona kuti akatero sangalakwe. Ndinasiya ntchito ya pa bala. Kalata sinabwere, wapolisi sanagogode, palibe anandifunsa pasipoti. Chilombo chimene ndinkachithawa kunalibe, ndipo ndinazindikira kuti ndinachinyamula ndekha kuchokera ku Dedza. Mu Julaye ndinameza mapiritsi omaliza. Dokotala anati makhololo ndi oyera, pa phapo patsala chipsera chabe, ndipo thupi linali litabwerera mwakale.

Mu Ogasiti a Murdo anaimba foni. Sindinawazindikire. Mawu anali a munthu wina, apansi, okhakhala. Anati ndipite kwawo.

Ndinawapeza atanenepako, maso oyera, patebulo pali tiyi m'malo mwa botolo. Mabulangete anali atachotsa, mawindo ali pululu. Anandiuza zimene katswiri ananena: zilonda zapola koma zasiya zipsera, ndipo mawu apamwamba aja sadzabweranso. Anafunsa ngati zikanasintha akanabwera mu Januwale, ndipo katswiriyo anati mwina kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo pakhosi panali pasanaonongeke. Anandiuza zimenezi osakweza mawu, akundiyang'ana m'maso, ndipo ndinalakalaka akanangondimenya.

Kenaka anandiuza china. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri amayi awo anatengedwa kupita ku chipatala cha odwala chifuwa kumapiri, ndipo anakhalako zaka ziwiri. M'banja mwawo dzina la matendawo silinkatchulidwa, ankangoti amayi apita kukapuma, chifukwa anthu akadziwa ankaleka kulowa m'nyumba mwanu. A Murdo eni akewo anayamba kutsokomola ine ndisanayambe, chilimwe cha chaka chapitacho, ndipo thukuta lausiku ankalidziwa bwino tanthauzo lake, koma ankati lekodi ithe kaye. Madokotala anati kachilombo kakhoza kugona m'thupi zaka makumi ambiri n'kudzuka thupi likafooka, ndipo palibe angadziwe amene anapatsira mnzake. Anati mwina ndi iwo anandipatsa. Anati tonse awiri tinaleredwa ndi amayi otiphunzitsa kutseka pakamwa. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawapemphe. Anangotenga gitala n'kunena kuti nyimbo zonse azitsitsa, iwo aziimba pansi, pamwamba ndikwere ine.

Ndinakana. Ndinati pamwambapo ndi pawo. Anayankha kuti pamwambapo palibenso munthu, ndipo popeza ndinathandiza kugwetsa denga, ndikwere ndikafolere.

Anamaliza mankhwala awo, amene anatenga nthawi yaitali kuposa anga, ndipo chaka chotsatira tinajambula. Ulendo uno ndinayamba ndapempha chilolezo cha ntchito kudzera kusukulu, ndipo chinatuluka popanda vuto, chinthu chimene ndikanachita kalekale. Wa situdiyo anaika maikolofoni ziwiri. A Murdo anachotsa imodzi n'kuiika pakona. Tinaima moyang'anizana ngati kale, ndikumva mpweya wawo ukulira podutsa pa zipsera zija.

Lekodiyo sinatchuke ngati nyimbo yawo yakale, koma inawabwezera pa msewu. Anaimbanso m'maholo ang'onoang'ono ku England ndi kwawo, ndipo ena ankati mawu okhakhalawo akuyenerana ndi nyimbo za munthu amene waona zambiri. Iwo akamva zimenezo ankangogwedeza mutu. Mowa sanaubwererenso. Pambuyo pake anabwerera ku Scotland, kumene ankalembera nyimbo oimba achinyamata, ndipo anamwalira atakalamba ndi matenda ena.

Ine lero ndili bwino. Ndinagwira ntchito yoyeza malo mpaka kupuma, ndili ndi ana ndi zidzukulu, ndipo chifuwa sichinabwererenso. Ndikajambulitsa ekisire madokotala amaona chipsera n'kufunsa, ine n'kuwauza mosabisa. Lekodi ija ndili nayo. Alendo akaimva amati, a Wyson, koma munkakwera bwino! Koma ine, paliponse pamene mawu anga akwera ndimadziwa mwini malowo, ndipo ndimaona zala zinayi zija.

Tsono inu amene mukutsokomola mlungu wachitatu, thukuta likukunyowetsani pogona, lamba akukula, musadikire magazi ngati ine. Pitani akakuyezeni, TB imachizika, ndipo mapiritsi ake mumalize onse. Mawu akasasa nthawi yaitali osabwerera, musangoti ndi fodya. Ndipo namwino akakupatsani fomu ya maina, kaya mapepala anu ali bwanji, kaya kwanu munaphunzira zotani za anthu ofunsa maina, lembani onse tsiku lomwelo. Fomu yanga inali ndi mizere khumi, ine ndinadzaza itatu. Mzere wachinayi unali mawu a munthu.